Mabatani a Fn akasiya kugwira ntchito mutafomata laputopu

Malaputopu ambiri omwe timagula m'mashopu a ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu anayamba agwirapo ntchito kwina, m'maofesi ndi m'masukulu a kunja, ndipo asanafike pa shelefu wogulitsa amawafomata n'kuikamo Windows watsopano. N'chimodzimodzinso laputopu ikagwidwa ndi ma virus kapena ikayamba kukoka miyendo: mmisiri amafomata, amaika Windows, Office ndi Chrome, inu n'kulipira n'kumapita. Kunyumba ndi komwe mumakazindikira kuti batani lochepetsera kuwala kwa sikirini silikuyankha, la Wi-Fi lili zii, lotsekera maiki ndi la touchpad chimodzimodzi, chonsecho zilembo zonse zikulembeka bwinobwino. Mukabwerera kushopu ena amakuuzani kuti kiyibodi yatha, gulani ina. Kawirikawiri kiyibodiyo imakhala ilibe mlandu.

Vutoli limaoneka laling'ono mpaka tsiku lomwe magetsi azima ntchito ili pakati. Sikirini ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zimadya kwambiri batire, ndiye ikakakamira pa kuwala kokwera, batire lomwe likanakufikitsani madzulo limatha dzuwa likadali pamutu.

Njira yomwe uthenga wa batani umadutsa

Batani la Fn si batani wamba. Pa malaputopu ambiri Windows kapena Linux saliona n'komwe mukalidina palokha. Chomwe chimaliona ndi kachipu kena ka pa bodi kotchedwa embedded controller, mwachidule EC. Kachipu kameneka ndi komwe kamayang'anira batani loyatsira, kutchaja batire, fani, chivundikiro ndi kiyibodi yonse, ndipo kamakhala maso ngakhale laputopu itazima, bola batire kapena chaja zilipo.

Mukadina Fn pamodzi ndi F5 kapena F6, EC imachita chimodzi mwa zinthu zitatu. Ntchito zina imazigwira yokha osafunsa aliyense, monga kuyatsa nyali ya kiyibodi ndi Fn ndi Space pa ThinkPad zambiri za Lenovo. Zina imazitumiza ngati batani lodziwika kale kwa kompyuta iliyonse, n'chifukwa chake mabatani a voliyumu nthawi zambiri amapulumuka ngakhale mutafomata. Koma zotsalazo, monga Wi-Fi, maiki, touchpad ndi kuwala pa makina ena, imazitumiza kudzera mu ACPI, dongosolo lomwe Intel, Microsoft ndi Toshiba anatulutsa mu 1996 kuti firmware ya kompyuta, pulogalamu yokhazikika m'kachipu ka pa bodi, izilankhulana ndi operating system monga Windows kapena Linux pa nkhani za mphamvu ndi zipangizo. ACPI inakhazikitsa msewu wake, koma pa mabatani apaderawa kampani iliyonse inapanga zakezake. Uthenga womwe HP imatumiza kuti "zimitsa Wi-Fi" si womwe Asus kapena Lenovo imatumiza. Ndiye pamafunika driver wa kampaniyo, kapulogalamu kolumikiza chipangizo ndi operating system, woti aulandire, ndipo nthawi zambiri pamafunikanso kapulogalamu kena koti kachitepo kanthu n'kuonetsa kachizindikiro pa sikirini.

Zili ngati kutuma mwana ndi uthenga: mwanayo wathamanga ndithu, wafika, koma wapeza pakhomo palibe munthu. Kufomata kumachotsa wolandira uthenga uja. Ntchito yanu ndi kupeza pomwe uthengawo ukuthera, ndipo ndi bwino kuyambira pa zosafuna bandulo.

Zoyamba kuyesa musanatsegule intaneti

Chotchuka kwambiri ndi Fn Lock. Ngati mukadina F2 payekha voliyumu imatsika m'malo mosintha dzina la fayilo, kapena zinthu zangotembenuka kuti zomwe munkachita popanda Fn tsopano zikufuna Fn, palibe chafa. Pa Dell, pa ThinkPad za kuyambira m'badwo wa T440 ndi pa Asus zambiri zatsopano, dinani Fn ndi Esc pamodzi. Pa EliteBook ndi ProBook zina za HP ndi Fn ndi Shift wakumanzere. Ngati sizikutheka pa kiyibodi, zosinthazi zili mu BIOS, menyu ya firmware yomwe mumalowamo poyatsa laputopu Windows asanayambe. Pa HP mumalowa ndi F10 poyatsa n'kufufuza Action Keys Mode. Pa IdeaPad mumalowa ndi F2 ndipo dzina lake ndi HotKey Mode. Pa Dell ndi F2, pansi pa Function Key Behavior kapena Fn Lock Options, ndipo pa ThinkPad ndi F1. Muli mu BIOS ya ThinkPad momwemo, onaninso Fn and Ctrl Key swap. Pa ambiri mwa makina amenewa Fn amakhala kumapeto kwenikweni kumanzere komwe ena amaika Ctrl, ndipo eni ake oyamba ambiri ankasinthanitsa mabatani awiriwa. Inu mukudina lolembedwa Fn koma laputopu ikumva Ctrl.

Palinso china chomwe chimazunguza anthu pa malaputopu akale opanda manambala kumbali. Mukulemba "kulima" pa sikirini n'kutuluka "243" ndi zina zosamveka, chifukwa K yasanduka 2, U yasanduka 4, L yasanduka 3. Ameneyo ndi Num Lock, ndipo amazima ndi Fn pamodzi ndi batani lolembedwa NumLk. Yang'anitsitsani pa U, I, O, J, K, L, muona timanambala tating'ono tolembedwa pakona.

Wi-Fi ikakana kuyaka pa makina a m'badwo wa ThinkPad T420 ndi T430 kapena Latitude E6420, sisitani chala m'mbali monse mwa laputopu. Pali kaswichi kotsetsereka komwe kamakankhika kokha poiika m'chikwama, ndipo kakakhala kozima palibe driver yemwe angayatse Wi-Fi. Pa HP zambiri zakale touchpad imazima mukagogoda kawiri pakona yakumanzere kumtunda kwake, ndipo kanyali ka mtundu wa lalanje kamayaka pomwepo. Gogodaninso kawiri.

Kenako zimitsani laputopu kwenikweni. Kuyambira pa Windows 8, Shut down sazimitsa zonse chifukwa cha Fast Startup. Windows amasunga kernel, phata la operating system, ndi ma driver pa disiki momwe analili, n'kudzawadzutsa choncho, ndiye driver yemwe anasokonekera dzulo amadzuka ali wosokonekera lero. Gwiritsani Restart, kapena gwirani Shift uku mukudina Shut down. EC nayo imatha kusokonekera payokha, makamaka magetsi akamabwera n'kumazima chaja ili pakhoma. Zulani chaja, chotsani batire ngati limachoka, gwirani batani loyatsira kwa masekondi 30, bwezerani zonse n'kuyatsa. ThinkPad zambiri zokhala ndi batire lamkati zili ndi kabowo kakang'ono kunsi komwe mumalowetsamo kawaya kowongola kuti EC iyambirenso.

Kodi n'kutheka kuti kiyibodi yafadi?

N'zotheka, makamaka ngati munatayikira tiyi kapena madzi. Njira yodziwira ndi kuyesa mabataniwo kunja kwa Windows. Lowani mu BIOS n'kudina mabatani a kuwala. Pa malaputopu ambiri amagwira ntchito mmenemo popanda driver aliyense, ndipo akagwira ndiye kuti Fn, kiyibodi ndi nyali ya sikirini zonse zili moyo. Akapanda kugwira musagamule msanga, poti makina ena atsopano salola kusintha kuwala mu BIOS. Mayeso abwino koposa ndi fulashi yokhala ndi Linux Mint kapena Ubuntu. Mumayatsira laputopu pa fulashiyo osaika chilichonse pa disiki, n'kuyesa mabatani onse. Mmisiri aliyense ayenera kukhala nayo m'thumba. Ngati palibe ngakhale batani limodzi logwira ndi Fn mu BIOS, mu Linux ndi mu Windows momwe, apo ndiye tingayambe kukamba za kiyibodi kapena kalamba kake kolowa pa bodi.

Kulumikiza kiyibodi ya USB sikuthandiza pa mayesowa. Fn wa kiyibodi yakunja amathera m'kachipu ka kiyibodiyo, safika ku EC ya laputopu.

Pa Windows, yambani ndi kuwala

Vuto la kuwala nthawi zambiri silikhala la mabatani ayi. Dinani Windows ndi A kuti muone ngati kotsetsereka kosinthira kuwala kalipo. Ngati kasowa, kapena kalipo koma sikakusintha kanthu, tsegulani Device Manager, mndandanda wa zipangizo zonse mu Windows, n'kuyang'ana pansi pa Display adapters. Mukapeza palembedwa Microsoft Basic Display Adapter, mwaligwira vuto. Ameneyu ndi driver wongogwirizira kuti muone chithunzi, sadziwa kulamula nyali ya sikirini. Pakufunika driver weniweni wa Intel, AMD kapena NVIDIA wogwirizana ndi laputopu yanu. Pa makina okhala ndi ma graphics awiri, sikirini nthawi zambiri imalumikizidwa ku Intel kapena AMD wamkati, choncho kuika wa NVIDIA yekha sikubweza kuwala.

Ngati driver wa graphics ali bwino, tsikirani pa Monitors. Payenera kukhala Generic PnP Monitor kapena dzina la sikirini yamkati, lopanda kamuvi koloza pansi. Likakhala lozimitsidwa liyatseni. Mapulogalamu ena olowera pa kompyuta uli kutali amaika driver wawo wa monitor pamenepa, ndipo kuwala kumasowa tsiku lomwelo. Chotsani driver ameneyo ndi Uninstall device, kenako Scan for hardware changes.

Unknown device uja

Mu Device Manager momwemo, pansi pa Other devices, laputopu yongofomatidwa kumene imakonda kukhala ndi chinthu chimodzi kapena ziwiri zolembedwa Unknown device, zili ndi kachizindikiro kachikasu. Amisiri ambiri amazisiya poti mawu akumveka, intaneti ikugwira. Koma nthawi zambiri wolandira uthenga wa mabatani uja ndi ameneyu. Dinani kawiri, pitani pa Details, sankhani Hardware Ids, ndipo muona mzere woyamba ndi ACPI. Mzerewo ndi dzina lenileni la chipangizocho.

ACPI\VPC2004 ndi wa Lenovo IdeaPad, ndipo driver wake amabwera ndi Lenovo Energy Management pa makina akale. ACPI\IBM0068 kapena ACPI\LEN0068 ndi wa ThinkPad, amafuna Lenovo Power Management Driver, kenako Hotkey Features Integration kuti mabatani ndi zizindikiro za pa sikirini zibwerere. ACPI\ATK0100 ndi wa Asus ndipo mankhwala ake ndi ATK Package, pomwe Asus zatsopano zinasamukira ku ASUS System Control Interface ndi MyASUS. ACPI\HPQ6001 ndi batani la Wi-Fi la HP, lofuna HP Wireless Button Driver. Mabatani ena a HP amadalira HP Hotkey Support pa EliteBook ndi ProBook, kapena HP System Event Utility pa Pavilion ndi anzake. ACPI\INT33D5 ndi Intel HID Event Filter, yemwe makina ambiri a Dell ndi a makampani ena amadalira. ACPI\SNY5001 ndi wa Sony VAIO. Acer ankagwiritsa Launch Manager, kenako Quick Access, ndipo Toshiba anali ndi Value Added Package.

Musaloweze zonsezi. Chofunika ndi chizolowezi chokopera mzere wa Hardware Ids n'kuufufuza, m'malo mongolemba pa Google kuti "driver wa Fn".

Ma driver amenewa muwatenge pa webusaiti ya kampani yomwe inapanga laputopu, mutalemba modelo yeniyeni. Stika yakunsi ikafufutika, lembani msinfo32 pa Start ndipo muona System Model. Dell ali ndi Service Tag ya zilembo ndi manambala 7 yomwe imaonekanso mu BIOS, ndipo imakufikitsani pa tsamba la makina anu enieniwo. Za Toshiba tsopano muzifufuze pansi pa dzina la Dynabook, chifukwa Sharp inagula bizinesi ya makompyuta ya Toshiba mu 2018 ndipo dzina linasintha mu 2019. Musanapite kutali yesani kaye Windows Update, pa Optional updates, pomwe pamabisala ma driver ambiri omwe Windows saika yekha.

Ndondomeko yoikira ili ndi ntchito. Yambani ndi chipset, kenako graphics, kenako driver wa ACPI wa kampaniyo, pomaliza pulogalamu ya mabatani, ndipo muzipanga Restart pakati. Pa VAIO ndiye osasewera napo: Sony Firmware Extension Parser ndi Sony Shared Library ziyenera kulowa VAIO Event Service asanalowe, apo ayi mudzaika zonse koma mabatani adzakhalabe chete.

Nanga laputopu ya 2011 kapena 2012 yomwe tsamba lake lili ndi ma driver a Windows 7 ndi 8.1 okha, inu mwaika Windows 10? Tengani wa 8.1, akasowa wa 7, bola mufananitse 64-bit ndi 64-bit. Ma driver a mabatani ndi ang'onoang'ono ndipo ambiri amagwira ntchito bwinobwino pa Windows 10. Installer ikakana, dinani kumanja, Properties, Compatibility, n'kusankha Windows wakaleyo. Ikakanabe, masulani fayiloyo ndi 7-Zip, bwererani pa Unknown device uja, sankhani Update driver n'kumulozera foda yomwe mwamasulirayo.

Pa makina atsopano pali msampha wina. Makampani anasamutsira mapulogalamu a mabatani ku Microsoft Store, monga Lenovo Vantage ndi MyASUS. Ndiye pali ma Windows odulidwadulidwa aja omwe amayenda m'mafulashi, otchedwa lite, omwe anthu amawakonda poti ndi opepuka pa makina a 4 GB. Ambiri anachotsedwa Store ndi ma service ena. Pa Windows wotere mutha kulimbana usiku wonse osaphula kanthu. Tsegulani services.msc muone ngati Human Interface Device Service ndi Radio Management Service alipo ndipo sanazimitsidwe, poti woyambayo amathandiza mabatani apadera ndipo wachiwiriyo amayendetsa Airplane mode. Akakhala kuti anazulidwiratu, ine ndingati ikani Windows wathunthu basi.

Mapulogalamu olonjeza kuika ma driver onse ndi kudina kamodzi sindiwakhulupirira pa nkhani iyi. Amapezadi driver wa mawu ndi wa netiweki, koma pa ACPI amakonda kuika wa modelo ina, kachizindikiro kachikasu n'kuchoka pomwe mabatani akadali akufa, ndipo apa vuto limavuta kulipeza kuposa poyamba. Ena amabweranso ndi mapulogalamu otsatsa malonda omwe simunawapemphe.

Kwa amisiri, pali lamulo limodzi lopulumutsa bandulo ndi nthawi. Musanafomate laputopu yomwe mabatani ake akugwira, tsegulani Command Prompt ngati administrator, pangani foda pa fulashi, n'kulemba:

pnputil /export-driver * E:\madriver

Ma driver onse omwe si a Microsoft akopedwa mmenemo. Mapulogalamu sakopedwa nawo, koma Unknown device aliyense mudzamuthetsa popanda intaneti.

Pa Linux nkhani yake ndi ina

Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 amafuna TPM 2.0, gawo la chitetezo la m'kompyuta, ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena yofanana nayo ya AMD. Malaputopu ambiri omwe ali m'manja mwa ophunzira ndi m'maofesi ang'onoang'ono sakwanira pamenepo, choncho ena akuyesa Linux. Kuno simupita pa webusaiti ya kampani. Ma driver a mabatani ali kale mu kernel: thinkpad_acpi, ideapad_laptop, hp_wmi, dell_wmi ndi dell_laptop, asus_nb_wmi, acer_wmi, toshiba_acpi, sony_laptop. Ambiri analembedwa ndi anthu odzipereka omwe anachita kufufuza okha momwe firmware ya kampani iliyonse imalankhulira. Wa ThinkPad anayamba ndi dzina loti ibm-acpi, IBM isanagulitse bizinesi yake ya makompyuta kwa Lenovo mu 2005, ndipo wakhwima kwa zaka zambiri. N'chifukwa chake ThinkPad yakale pa Linux imangogwira zonse tsiku loyamba, pomwe laputopu yotsika mtengo yotuluka chaka chino imatha kuvuta.

Ndiye lamulo loyamba ndi losavuta: laputopu ikakhala yatsopano kuposa kernel yanu, kwezani kernel. Lembani uname -r muone yomwe muli nayo. Pa Ubuntu LTS pali kernel zatsopanoko zotchedwa HWE, pa Linux Mint mumasankha mu Update Manager.

Kupitirira apo, funsani laputopu ngati uthenga ukufika. Ikani evtest, kapulogalamu koonetsa mauthenga a mabatani, lembani sudo evtest, ndipo ikuonetsani mndandanda wa zipangizo. Kupatula AT Translated Set 2 keyboard, yomwe ndi kiyibodi yeniyeni, muona zina monga Video Bus, ThinkPad Extra Buttons, HP WMI hotkeys kapena Asus WMI hotkeys. Sankhani chimodzichimodzi n'kudina batani lovutalo.

Mukaona mzere wokhala ndi KEY_BRIGHTNESSUP kapena KEY_WLAN, kernel yachita mbali yake ndipo vuto lili pamwamba. Ma desktop a Linux monga GNOME, KDE, Cinnamon ndi Xfce amadziwa chochita ndi mabatani amenewa, ngakhale Xfce amadalira xfce4-power-manager kuti akhale akuyenda. Pa i3 kapena Openbox palibe amene akumvetsera mpaka mutamangirira nokha batanilo ku lamulo monga brightnessctl set +10%.

Mukaona MSC_SCAN ndi nambala koma popanda dzina lolondola, kapena sudo dmesg ikuonetsa mzere wa atkbd wonena kuti Unknown key pressed, ndiye kuti batani likufika koma kernel sikulidziwa dzina. Izi mumakonza nokha. Pangani fayilo /etc/udev/hwdb.d/90-mabatani.hwdb yokhala ndi mizere iwiri yonga iyi:

evdev:atkbd:dmi:bvn*:bvr*:bd*:svnAcer*:pn*:*
 KEYBOARD_KEY_a5=brightnessup

M'malo mwa Acer ikani dzina la kampani yanu momwe likuonekera mu /sys/class/dmi/id/modalias, ndipo m'malo mwa a5 ikani nambala yomwe evtest yakupatsani. Mzere wachiwiri uyenera kuyamba ndi mpata umodzi, ndipo mpata umenewu ukasowa mizereyo imanyalanyazidwa. Kenako sudo systemd-hwdb update ndi sudo udevadm trigger. Zitsanzo zambirimbiri zili mu 60-keyboard.hwdb, fayilo yobwera ndi systemd. Mmenemo musadabwe kuona batani la maiki litapatsidwa f20 ndi la touchpad f21. X11, dongosolo lakale loonetsera mawindo pa Linux, satha kulandira nambala za mabatani zopitirira 255, ndiye anthu anagwirizana kubwereka ma F omwe palibe kiyibodi ya laputopu ili nawo.

Mukapanda kuona chilichonse pa zipangizo zonse, onani ndi lsmod ngati module, ndiye kuti driver, ya kampani yanu yalowa, ndipo yesaninso acpi_listen. Apa mpamene nkhani ya _OSI imabwera, ndipo ndi yoseketsa pang'ono. Firmware ya laputopu imafunsa operating system poyaka kuti ndiwe yani, kodi ndiwe "Windows 2009", kutanthauza Windows 7, kapena "Windows 2012", kutanthauza Windows 8, ndipo imasintha khalidwe malinga ndi yankho. Kale Linux ankavomera akafunsidwa ngati ndi Linux, koma zinapezeka kuti njira za firmware zosungidwira Linux zinali zosayesedwa bwino ndipo zinkabweretsa mavuto. Kuyambira pa kernel 2.6.23 mu 2007, Linux amakana kuti ndi Linux ndipo amavomera kuti ndi Windows. Pa makina ena akale mabatani amadzuka mukauza kernel kuti idzitchule Windows wakale, powonjezera acpi_osi=! acpi_osi="Windows 2009" pa mzere woyatsira. Malangizo akale ofala oti muike acpi_osi=Linux amathandiza makina ochepa, ndipo pa ena amazimitsa zomwe zinkagwira.

Kuwala pa Linux

Lembani ls /sys/class/backlight/. Pa makina a Intel muyembekezere intel_backlight, pa AMD dzina loyamba ndi amdgpu_bl, pa akale acpi_video0. Foda ikakhala yopanda kanthu, onani ngati wina sanasiye nomodeset mu GRUB, menyu yoyatsira Linux, poika Linux. Mawu amenewa amaletsa driver wa graphics, ndipo zotsatira zake n'zofanana ndi Basic Display Adapter wa Windows uja. Ngati muli dzina, werengani max_brightness mkati mwake, kenako lembani nambala ya pakati:

echo 400 | sudo tee /sys/class/backlight/intel_backlight/brightness

Musalembe 0, pa makina ena sikirini imada bii. Kuwala kukasintha ndiye kuti njira yolamulira nyali ili bwino, bwererani ku evtest. Kukapanda kusintha, kernel yasankha njira yolakwika mwa njira zitatu zomwe zilipo: kudzera mwa driver wa graphics, kudzera mu ACPI, kapena kudzera mwa driver wa kampani. Mumaisankhira ndi acpi_backlight=native, acpi_backlight=video kapena acpi_backlight=vendor. Makina opangidwira Windows 8 kupita m'tsogolo amafuna native, akale amakonda video kapena vendor. Gawo limeneli linakonzedwanso kwambiri mu kernel 6.1, choncho ngati munali ndi acpi_backlight=vendor kuyambira kalekale ndipo kuwala kwafa mutakweza, yambani mwachotsa mawuwo.

Yesani musanasunge. Pa menyu ya GRUB dinani e, pezani mzere woyamba ndi linux, onjezerani mawuwo kumapeto, dinani F10. Zikakanika, Restart imabweza zonse mwakale. Zikatheka, alembeni mu /etc/default/grub pa GRUB_CMDLINE_LINUX_DEFAULT n'kupanga sudo update-grub.

Wi-Fi ili ndi chida chake, rfkill list. Soft blocked: yes amachoka ndi rfkill unblock all. Hard blocked: yes amatanthauza swichi yeniyeni, BIOS, kapena driver wonama. Chitsanzo chodziwika ndi IdeaPad ndi Yoga zina zopanda swichi ya Wi-Fi, zomwe pa kernel zakale ideapad_laptop ankanena kuti swichi yazima. Kuyesa kwake ndi sudo modprobe -r ideapad_laptop. Wi-Fi ikayaka pomwepo, kernel yatsopano ndiyo yankho labwino kuposa kuletseratu module, poti module yomweyo imayendetsanso mabatani ena. Pa laputopu yokhala ndi Windows ndi Linux pamodzi, zimitsani Fast Startup ku Windows, chifukwa amatha kusiya khadi ya Wi-Fi ili mu tulo tomwe Linux satha kuidzutsamo.

BIOS ikhale yomaliza

Nthawi zina cholakwika chili mu firmware momwemo, ndipo kampani inachikonza m'BIOS yatsopano. Werengani mndandanda wa zosintha pa tsamba la BIOS ya modelo yanu. Ngati watchula Fn, hotkey, EC kapena brightness, kukweza kuli ndi phindu. Ngati sunatchule, isiyeni. Pa Linux, makina ambiri a Dell, Lenovo ndi HP amakwezedwa ndi fwupdmgr popanda kufuna Windows.

Kuno kwathu chenjezo la magetsi si lamwambo chabe. BIOS ikadukira pakati polembedwa, laputopu imatha osayakanso mpaka wina atailemba ndi makina apadera pa bodi. Batire likhale lamoyo ndi lodzaza, chaja ili pakhoma. Mapulogalamu ambiri okwezera amakana okha batire likakhala lochepa kapena lakufa, ndipo pa intaneti mupeza njira zowakakamizira. Ngati batire lanu ndi lija lozima mukangozula chaja, musakakamize pokhapokha muli pa UPS kapena inveta.

Malaputopu ochokera m'makampani a kunja ena amabwera BIOS ili ndi pasiwedi ya supervisor yomwe wogulitsa sakuidziwa. Amayaka bwinobwino, koma Action Keys Mode, Fn and Ctrl Key swap ndi zoyatsira Wi-Fi zimakhala zokhoma. Pa ThinkPad ndi EliteBook kuchotsa kabatire kakang'ono ka pa bodi kotchedwa CMOS sikufufuta pasiwedi imeneyi. Pogula, dinani F1, F2 kapena F10 muli pa kauntala pomwepo, sinthani chinthu chimodzi n'kusunga, kenako yesani mabatani onse a mzere wapamwamba ndalama zisanachoke m'manja.